Zija ndinafunsa za fluoxetine zija

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti bwanji fluoxetine, mankhwala a depression amene ndinkamwa, akundisowetsa tulo, masiku 4 osagona koma mphamvu zili tho, mpaka ndalama ya lendi ndinakaimwaza mumsika kugula zitenje zoti sindizifuna n'komwe. Ndinapitadi ku Zomba Mental Hospital monga munandiuzira muja. Adokotala atafunsa mbiri yonse, amayi anganso anafunsidwa, akuti si depression yokha ayi ndi bipolar, matenda a maganizo oti nthawi zina umakhumudwa kwambiri, nthawi zina mphamvu n'kukwera mopitirira, ndipo mankhwala a depression ukamamwa okhaokha amatha kukukweza chonchi. Andisiyitsa, pano ndikumwa mankhwala a bipolar otchedwa sodium valproate. Anayamba afunsa za mimba poti amavulaza mwana wosabadwa, mwayi ine ndinatseketsa kale. Tulo tabwerera koma njala yake eee, nsima mitanda 3 osakhuta. Dzina la matendali likundiwawabe, kunena zoona. Ndibwereranso pa 14.