Firiji yafa, nkhuku zayamba fungo, abwana akuti tiphikebe

Wophika wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Mawa tikuphikira ukwati wa anthu 300. Nkhuku tinazitulutsa mu difiriza kuti zisungunuke mu firiji, koma firijiyo inafa usiku osadziwa aliyense. M'mawa uno ndapeza mkati muli mofunda, madzi a magazi ali pansi, khungu likuterera, zina zayamba kafungo. Abwana akuti nditsuke ndi viniga, ndithire kare ndi adyo wambiri, ndikazinge mpaka ziume. Akuti ndikakana ndione msana wa njira. Ana anga ali pasukulu.

Mayi wa pa lesitilanti ku Zomba: Achimwene, musaphike. Viniga amabisa fungo basi. Nyama yaiwisi imafunika kukhala pansi pa madigiri 5, ndipo ikakhala pamalo otentha kuposa pamenepo kwa maola oposa 4, ndi yotaya. Yanuyo yagona usiku wonse.

Mnyamata wa chiwaya: Komatu moto umapha tizilombo, amayi. Mafuta akawira bwino palibe chotsala.

Shefu wa ku Mangochi: Ayi mphwanga, pamenepo ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Moto wa madigiri 75 umapha tizilombo, inde, koma tizilombo tina tikachulukana timasiya poizoni amene satha ngakhale mukazinge motani. Mpunga wogonetsa nawo ndi chimodzimodzi. Ndipo pa ukwati pamakhala agogo, amayi oyembekezera, ana ang'onoang'ono, anthu omwa ma ARV. Wathanzi atsegula m'mimba n'kuchira, koma enawa akagonekedwa kuchipatala. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 muno m'Malawi, sitinaiwale mmene matenda a m'mimba amathera.

Wophika wa ku Chilomoni: Ndikumva bambo, koma ndiwauze bwanji? Ndalama ya nkhukuyo ndi yambiri.

Shefu wa ku Mangochi: Musapite ndi "sindiphika" yekha, pitani ndi njira. Jambulani nkhukuzo pa foni tsopano lino. Kenako muwalembere pa WhatsApp mwaulemu kuti nyama yaonongeka, simungayipereke kwa anthu, koma mungathe kugula zamoyo lero, muzichinje madzulo, muchepetse nthuli, muonjezere nyemba ndi kabichi. Auzeninso kuti anthu akadwala, a zaumoyo aku khonsolo adzatseka malo awo, ndipo dzina likaipa pa maukwati silibwerera.

Mayi wa pa lesitilanti ku Zomba: Uthengawo muusunge, osafufuta. Malamulo a ntchito amafuna kuti wochotsa munthu akhale ndi chifukwa chomveka komanso amumve kaye. Akakuchotsani chifukwa chokana kuphika nyama yovunda, yambirani ku ofesi ya leba, zikakanika kuli khoti loona milandu ya ntchito, Industrial Relations Court.

Wophika wa ku Chilomoni: Ndawalembera. Anakalipa kaye, koma atabwera kudzanunkhiza okha avomera. Akuti titaye zafungo zokha, zinazo tiphike.

Shefu wa ku Mangochi: Zonse zinali mu firiji imodzi, zonse zipite. Mphuno siona tizilombo. Ndipo musazisiye m'bini, anyamata adzatengera kunyumba kapena kukagulitsa. Kumbani dzenje, thirani palafini, kwirirani inuyo muli pompo. Firijiyo mutsuke ndi madzi a klorini musanaikemo china chilichonse.

Wophika wa ku Chilomoni: Avomera zonse. Ndikupita kumsika ku Limbe kukasankha zamoyo. Amene ali pafupi adzandithandize kusosola madzulo ano, chonde.