Supercaliber kapena Spark RC? Mutu waima, ndithandizeni

Chitunda29

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikupalasa hardtail (njinga ya m'mapiri ya shoko kutsogolo kokha) ya aluminiyamu kwa zaka ndithu, msana wayamba kudandaula, ndiye ndaganiza zogula ya shoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndasefa ndatsala ndi ziwiri: Trek Supercaliber yomwe inatuluka 2023 ija, foloko (shoko ya kutsogolo) imabonyezeka 110mm, ya kumbuyo 80mm, ndi Scott Spark RC ya 120mm mbali zonse. Mitengo yake sikusiyana kwenikweni ndiye za ndalama tisavutike nazo.

Vuto lili apa. Ndimapikisana nawo XC, ija yozungulira malo amodzi ola limodzi ndi theka, nthawi zina marathon. Sindiwina ayi, ndimakhala pakatikati koma pamenepo timalimbirana koopsa moti sekondi iliyonse imandipweteka mtima. Koma mipikisanoyo imabwera mwa apo ndi apo, masiku ambiri ndimangolowa m'tinjira ta m'mapiri ndi anzanga amene ali ndi njinga za trail (za shoko zazikulupo, zosangalalira m'tinjira osati za mpikisano), mizu, miyala, malo otsetsereka oti ukafika pansi manja akunjenjemera. Njinga ziwiri sindingathe, komanso mayi akunyumba sangaimve nkhani imeneyo. Iti yoti ndipikisane nayo Loweruka koma Lamulungu isandichititse manyazi kwa anyamata a trail?

Liwiro_Basi

Supercaliber aise, osachedwanso. Mwanena nokha kuti mwazolowera hardtail, ndiye imeneyi simuiona yachilendo. Shoko yake ya kumbuyo, IsoStrut ija, inalowa mu felemu momwemo pansi pa chitsulo chapamwamba, palibe tizitsulo tolumikiza tambirimbiri, ndiye ukaimirira pa mapedulo pachitunda njinga siyepayepa, mphamvu yonse imapita kutayala. Jolanda Neff anatenga golide ya Olympics ku Tokyo mu 2021 pa Supercaliber yakale ija ya 60mm yokha kumbuyo, pa njira ya miyala yoti ife sitingayerekeze n'komwe, mvula itagwanso. Ndiye 80mm yachepa pati? Anzanu a trail azikudikirani pansi, inu muziwadikira pamwamba, chilungamo chimenecho.

MayiWaMizu

Achimwene a Liwiro, Neff ndi Neff. Mutampatsa njinga iliyonse mayi amene uja atisiyabe tonse pano. Tikati tiyambe kutchula mayina nanenso nditchula Nino Schurter, golide ku Rio 2016 pa Spark, kuwina mpikisano wa dziko lonse ka 10, ndiye titha liti? Anthu amenewa amapalasa njinga ya kampani yomwe ikuwalipira, satiuza kanthu pa funso la a Chitunda.

A Chitunda, werenganinso zomwe mwalemba. Yankho mwalinena kale, mwati masiku ambiri muli m'tinjira ta mizu ndi miyala. Ine ndili ndi Spark RC ndipo chimene chinandikopa ndi kachitsulo ka pa handulo kaja, TwinLoc. Kali ndi malo atatu. Mukakasiya kotsegula muli ndi 120mm yonse. Mukadina kamodzi kumbuyo kumatsika kufika 80mm, shoko imalimba, njinga imaimirirako pang'ono moti mapedulo sagundagunda miyala pokwera. Mukadinanso zonse zatsekeka, mwabwerera ku hardtail yanu. Mwaona pamenepo? Malo apakatiwo ndi 80mm yomweyo ya Supercaliber. Ndiye Spark ikhoza kudzichepetsa n'kufanana ndi inzakeyo ndi chala chachikulu chokha, koma Supercaliber ilibe batani loti mudine n'kupeza 40mm yowonjezera mukakumana ndi miyala ikuluikulu potsetsereka.

Ndipo 40mm imeneyo pa pepala imaoneka yochepa koma simuimva pa mwala umodzi ayi, mumaimva pa miyala yondondozana. Woyamba shoko yameza, wachiwiri yameza, pofika wachisanu ya 80mm yatha mphamvu, tayala lakumbuyo layamba kudumphadumpha, mabuleki sakugwiranso bwino chifukwa tayala lili m'mwamba theka la nthawi, ndiye mumayamba kufinya mabuleki msanga, manja akutopa, ndipo pa marathon kutopa kumeneko mumakalipira pa ola lachitatu pamene miyendo ikadali nayo mphamvu koma msana ndi mapewa zakana. Komanso taonani njira za XC masiku ano, si zija zakale zosalala ayi, akumaika miyala youndana ndi malo odumpha dala. N'chifukwa chake ngakhale Specialized Epic 8 ya 2024 inabwera ndi 120mm mbali zonse, pomwe kale 100mm inali yokwana.

Kulemera inde, Spark imalemererako pang'ono mukayerekeza zida zofanana. Koma kusiyana kwake sikuposa madzi a m'botolo lomwe mwanyamula.

Liwiro_Basi

Mayi mwayankhula bwino koma simunanene kuti dzanja lamanzere pa Spark limakhala ndi ntchito ngati wosoka pa makina. Tizitsulo titatu malo amodzi, kotseka, kotsegula, ndi ka dropper kotsitsira chishalo. Mtima ukugunda 180, maso akuchita mdima, ukufuna kutsitsa chishalo n'kupezeka watseka shoko polowa m'miyala. Ndinaonapo munthu akuuluka chifukwa cha zimenezo.

MayiWaMizu

Amene uja anali asanazolowere. Chala chimaphunzira, ngati magiya.

Sipanala

Ine ndimakonza njinga ndiye ndiyankhulako za mbali yomwe simuiganiza tsiku logula.

Zonse ziwiri zili ndi kanthu kake kapadera ndipo kanthu kapadera kamafuna kuleza mtima. Pa Spark kuyambira ya 2022 shoko anaibisa mkati mwa felemu, mumaifikira potsegula kachitseko pansi pafupi ndi mapedulo. Ubwino wake matope ndi fumbi siziifika, ma seal (timalabala totchinga mafuta ndi fumbi) amakhalitsa. Kuipa kwake kupopa mpweya kapena kusintha rebound (liwiro lomwe shoko imabwerera nalo) si zongogwada n'kupanga, mpaka mutsegule kaye, ndipo sag, kutsika kwa shoko mukakhala pa njinga, mumaionera pa kachizindikiro kakunja osati pa kalabala ka pa shoko ngati njinga zina. Mawaya a mabuleki ndi a TwinLoc amadutsa mu headset, pakhosi pomwe foloko imazungulira mu felemu, zimaoneka zaukhondo kwambiri pa chithunzi koma tsiku lomwe mabelingi a headset atha ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya masana onse chifukwa mapaipi a mabuleki amayenera kumasulidwa, kenako kuchotsa mpweya m'mafuta. Pa Supercaliber IsoStrut ndi yakeyake, RockShox amaipangira njinga imeneyo yokha, ndiye simungangogula shoko ina iliyonse n'kuikapo. Musanalipire funsani kuti amene amaidziwa kuitsegula ali pafupi nanu kapena muzichita kutumiza kutali.

Iliyonse mungatenge, RockShox amati foloko muzisintha mafuta a m'munsi maola 50 aliwonse opalasa, sevisi yaikulu maola 200. Anthu ambiri amakangana za 80 ndi 120 chonsecho foloko yawo sinatsegulidwe chigulireni, ikugwira ntchito ngati ya 60.

China, sag. Ikani pakati pa 25 ndi 30 peresenti mutavala zonse zomwe mumapalasa nazo, ndi pampu ya shoko osati ya matayala. Mukachokera ku hardtail chiyeso chimakhala chopopa kwambiri kuti imveke yolimba ngati yakale ija, ndiye mwagula shoko ya chiyani.

Chitunda29

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. A Sipanala za headset zija zandiopsako chifukwa zambiri ndimakonza ndekha. Funso lina, nanga Spark ija yopanda RC, ya foloko 130mm? Kapena Top Fuel ya Trek, ya shoko zazikulupo kuposa Supercaliber? Mwina ndikulakwitsa poyang'ana za mpikisano zokhazokha?

Gwedegwede

Madala musayambe kutsegula zitseko zina, simugula chaka chino. Koma poti mwafunsa, felemu ya Spark RC ndi ya Spark inayo kapangidwe kake n'kamodzi, kumbuyo 120mm zonse, kusiyana kuli pa foloko, matayala, handulo ndi kapendekeke ka kutsogolo, RC ili cha m'ma digiri 67 inayo cha m'ma 66. Headset yake imatembenuzikanso kusintha kapendekekeko ndi madigiri 0.6. Ndiye mukatenga RC simunadzitsekere. Top Fuel ndi njinga yokoma zedi m'tinjira koma pamzere woyambira mudzaimva kulemera, ndipo inu mwati sekondi zimakupwetekani mtima.

Chomwe aliyense sanatchule ndi matayala, pomwe ndi pamene pali kusintha kwenikweni. Njinga yomweyo mukaiveka Maxxis Aspen kapena Rekon Race imathamanga ngati yabedwa koma pa mizu yonyowa kutsogolo kumangotsetsereka osachenjeza. Muikeni Forekaster ya 2.4 kutsogolo, Rekon kumbuyo, tubeless (opanda chubu), mpweya wochepa, mudzaona ngati mwagula ina. Zonse ziwirizi zimalola 2.4. Ngati thumba likulola pezani mawilo achiwiri, ena a mpikisano ena a masiku onse, kusintha kwake mphindi zisanu, ndipo mayi akunyumba akawerenga apeza njinga ikadali imodzi.

Ine pa ziwirizo ndikanatenga Spark chifukwa cha mmene mwafotokozera mapalasidwe anu. Mukanati mumapikisana sabata iliyonse ndipo trail ndi ya mwa apo ndi apo ndikanagwirizana ndi a Liwiro. Koma musagule musanakwerepo, saizi M ya kampani ina si M ya inzake, yang'anani reach (kutalika kwa felemu kuchokera pa mapedulo kupita kutsogolo) pa tchati muyerekeze ndi hardtail yanu. Ndipo poyesapo musangozungulira pa tara pakhomo pa shopu, pamenepo njinga iliyonse ndi yabwino, pemphani mukaitsitse pa malo a miyala omwe mumawadziwa kale.

Liwiro_Basi

Chabwino atatu kwa mmodzi, ndagonja. Koma a Chitunda mukadzagula mudzatiuze nthawi yanu pa chitunda chomwe mumayeserapo, ya hardtail ndi ya Spark, tidzaone ngati kachitsulo ka mayiwa kakugwiradi ntchito.

Sipanala

Musandiwerengere ku Spark ine, sindinavote. Zonse zimabwera kwa ine zikatha mabelingi.