Thandizeni: mlendo wanga wophunzira udokotala akaone kuti kuno kum'mawa?

Amai Nabanda, Kalongwezi: Abale anga a pa gulu, ndikusunga mtsikana wochokera ku Netherlands kuno ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia. Wabwera kudzaphunzira ntchito pa chipatala kuyambira Julayi mpaka pakati pa Seputembala. Amapuma Loweruka ndi Sondo pokha, ndipo ndalama zake n'zaumwana wa sukulu. Akufuna kuona nyama, miyambo yathu, komanso akutchula za Lilongwe. Ndiyambire pati, ndipo ndisamale chiyani?

aPhiri a ku Mfuwe: Amai, wabwera nyengo yabwino. Miyezi imeneyi udzu wauma, madambo aphwa, nyama zonse zimatsikira ku mtsinje wa Luangwa. Kuchokera ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tala. Koma asayese kupita ndi kubwerako tsiku limodzi. Galimoto za pa siteshoni ya Kapata ku Chipata zimanyamuka zikadzaza, choncho adzafika masana, nthawi imene mikango ndi anyalugwe zagona m'mithunzi. Anyamuke Lachisanu akaweruka, akagone ku makampu otsika mtengo a kunja kwa geti la paki ya South Luangwa. Loweruka alowe m'paki kawiri, cha m'ma 6 koloko m'mawa mpaka 10, kenako 4 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8 usiku, pamene amawalitsa nyali kufuna nyalugwe. Maulendo awiriwo akhale a tsiku limodzi chifukwa ndalama ya pa geti amawerengera pa tsiku, ndipo alendo akunja amalipira yokwera kuposa ife. Afunsiretu pa foni ngati mtengo umene amuuza waphatikiza ndalama imeneyo. Ambiri amakhumudwira pomwepa.

aZulu: Ndiwonjezere pa aPhiri. Zovala zakuda ndi zabuluu zimakoka kashembe, avale zofiirira. M'mawa wa Julayi pa galimoto yotseguka pamazizira kwambiri, juzi asasiye. Zipatso asasunge m'tenti, njovu zimanunkhiza. Usiku mvuu zimadya udzu m'kati mwa kampu, ndiye asayende yekha, aitane mlonda. Mankhwala oteteza malungo amwe osadumpha, ndipo akamva kutentha thupi akayezetse tsiku lomwelo. Ngati thumba lilola, ulendo woyenda pansi ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti ndiwo unatchukitsa South Luangwa kuyambira nthawi ya Norman Carr, mzungu wosamalira nyama amene anauyambitsa kumeneko, ndipo umachitika m'chilimwe.

Amai Nambewe, Katete: Nyama aziona, koma chimene sayenera kuphonya ndi mwambo wa Kulamba. Umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Malo ogona ku Katete amatha msanga, ndiye ndi bwino kunyamuka ku Chipata kusanache. Mumuveke chitenje chofika m'miyendo, atenge madzi, chipewa ndi ndalama zing'onozing'ono zofupa ovina. Foni ndi pasipoti zikhale m'kachikwama ka m'kati chifukwa khamu limachuluka.

Za Gule Wamkulu mumuuziretu bwinobwino ali kunyumba. Zilombo sazifunsa dzina, sazigwira, ndipo sanena kuti muli munthu m'menemo. Pa bwalo anthu amajambula, koma akakumana nazo m'njira apatuke, aponye kandalama pansi, kamera asatulutse. Kumbuyo kumene zimachokera asalondoleko. Zithunzi za anamwali ovina asaike pa Facebook popanda chilolezo cha anamkungwi; ambiri ndi ana, ndipo zimandipweteka kuona zithunzi zawo zikungoyendayenda. Apite ndi munthu wamkulu womumasulira nyimbo, apo ayi adzangoona fumbi ndi nthenga osamva zimene gule akulangiza.

aJere, Feni: Nc'wala, mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni, waiphonya, imakhala kumapeto kwa Febuluwale.

Amai Nabanda, Kalongwezi: Zikomo nonse. Nanga za Lilongwe?

aTembo: Amai, musanakambe za basi, tsegulani pasipoti yake muone chidindo. Masiku amene analembedwa polowa ndiwo ali ndi mphamvu, osati tsiku la tikiti yobwerera. Akatsala pang'ono kutha apite ku ofesi ya Immigration muno m'Chipata ndi kalata ya chipatala. Afunsenso komweko ngati chilolezo chake chimalola kutuluka pa malire a Mwami ndi kulowanso, chifukwa pepala lolowera kamodzi limatha ntchito akangodinda kutuluka. Malamulo a viza ya Malawi aone sabata yomweyo, amasinthasintha. Ndalama asinthe ku banki kapena ku bureau. Osintha a m'mbali mwa msewu amawerenga mofulumira, ena amapinda ndalama pakati kuti iwerengedwe kawiri. Abwerere kukali kowala, galimoto za pakati pa Mchinji ndi malire zimachepa kukada.

Mlongo wanu wa ku Kapata: Masabata ena asawononge ndalama. Akwere phiri la Kanjala m'mawa ndi anzake awiri kapena atatu, tauni yonse imaoneka. Mupite naye ku Saturday Market akasankhe zitenje, telala amusokere. Ku Down Shops aone mizikiti, koma azipempha asanajambule anthu. Akaitanidwa ku chilanga mulilo, phwando lopereka zakudya kwa mkwati ukwati usanachitike, kapena ku kwaya ya mpingo apite, ndiko adzapeze anzake enieni. Thobwa amwe la kunyumba kwanu kumene mukudziwa madzi ake. Akatuluka usiku, akhale ndi nambala ya woyendetsa takisi mmodzi amene inu mumamudziwa, honda yopanda chisoti ayi.

aNyirenda: Lundazi Castle, hotelo yakale yomangidwa ngati linga, ili makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata. Pa basi, Loweruka ndi Sondo zingathere m'njira. Ngati ayenera kusankha, ndalamazo awonjezere usiku wachiwiri ku Mfuwe.