Mawindo azitsulo pa kanyumba ka katundu, ndilipire?

Bambo a Yusufu: Abale, kanyumba kanga kakuseri komwe ndimasungiramo makasu, pampu yothirira ndi chimanga, chiswe chamaliza mafelemu a mawindo. Wowotcherera wa pa boma akuti K180,000 mawindo awiri, zitsulo ndi magalasi omwe. Ndilipire?

Mayi a Shakira: Za owotcherera musandiuze. Wina ndinamupatsa theka la ndalama, tsiku lililonse ati magetsi azima, mawa mayi. Atabweretsa windolo, zitsulo zake zowonda ngati masipoko a njinga, penti kungopaka pamwamba pa dzimbiri. Pano tikakumana pamsika amayang'ana kumbali.

Che Makawa: Ine zotchipa ndinasiya. Anga ndi a aluminiyamu ochokera ku Limbe, kuphatikiza kamera ya sola. Injini ya boti imagona momwemo, ine tulo mpaka m'mawa.

Mnyamata wa ku Mpondasi: Achimwene, kamera imagwira munthu? Muzidzangoonera filimu ya injini yanu ikupita ku Monkey Bay.

Mayi a Shakira: K180,000 akukuberani bambo. Mlamu wanga anapangitsa pa K70,000.

Che Makawa: Liti? Kwacha isanagwe mu Novembala 2023? Lero ndalama imeneyo ndi ya windo limodzi, lopanda galasi.

Agogo a ku Namwera: Mawindo achiyani, makasu akufuna kuona kunja? Tsekani ndi njerwa, musiye timabowo ta mpweya. Simenti pang'ono basi.

Bambo a Yusufu: Agogo, kwanu n'kumtunda kozizira. Kuno mu Okutobala mukalowa m'kanyumbako thukuta lokhalokha, komanso mumdima munthu ungaponde njoka.

Mmisiri Wopuma: Mukagula, zitsulo zikhale Y12, zija zonenepa mamilimita 12, mipata yoti mutu wa mwana usalowe, chifukwa akuba amatuma ana. Felemu ilowe m'khoma ndi simenti, osati kukhomera misomali. Koma ambiri sadzera pawindo. Amakanganula lata kapena kuzula mahinji, loko n'kutsala ali chikhomere. Chitseko chanu n'chotani?

Bambo a Yusufu: Cha matabwa, mahinji ali kunja.

Mmisiri Wopuma: Ndiye mawindo adikire.

Mnyamata wa ku Mpondasi: Pampuyo muzigona nayo kuchipinda, nkhani yatha.

Che Makawa: Aluminiyamu basi. Ena nonsenu n'kusowa ndalama.

Mayi a Shakira: Wa pa boma wake uti? Ngati ndi wamfupi wovala chipewa chofiira, mumuuze kuti windo langa lachiwiri ndikulidikirabe.