Mwana wanga wakakamira criminology, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE, ndiye wakakamira zoti aphunzire criminology (maphunziro okhudza umbanda ndi anthu ophwanya malamulo) ku UNISA, yunivesite ya ku South Africa, pa intaneti ali konkuno ku Zomba. Ine ndinkayembekeza kuti asankha zamalamulo kapena unamwino. Ndikamufunsa chifukwa chake, akuti akufuna kumvetsa chimene chimachititsa munthu kutuluka kundende lero, mawa n'kubwereranso. Zinayamba msuweni wake atamangidwa kachiwiri, ndiye ndikuona kuti mtima wake uli pamenepo.

Inu amene munaphunzira zimenezi, chinakukopani n'chiyani? Nanga ntchito munakaipeza kuti, kupolisi, kundende, ku ACB kapena m'mabungwe? Fizi yaketu ndi ya marandi, ndipo sindikufuna kugulitsa munda pachabe.