Chaka chathunthu ndikubetcha pa mahatchi, kope likunena zina

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndinayamba kubetcha pa mipikisano ya mahatchi mu November chaka chatha, ndipo chilichonse ndimalemba m'kope: dzina la hatchi, bwalo, ma odds (manambala osonyeza zomwe ungapate ukawina), ndalama yomwe ndaika. Dzulo usiku ndinakhala pansi kuwonkhetsa. Mumtimamu ndimadziona ngati ndili pa phindu. Kope likuti pa 100 iliyonse yomwe ndinaika, inabwerera 78.

Chimene chakhala chikundinamiza ndi mpikisano wa Grand National wa mu April ku Aintree, ku England. Mahatchi oposa 30, kudumpha mipanda ka 30, ine n'kusankha ya ma odds akuluakulu, each-way (theka la ndalama pa kuwina, theka lina pa place, kutanthauza kufika m'gulu la oyambirira). Sinawine, inafika yachitatu, koma theka la place lija linabwera ndi kenakake ndithu. Tsikulo ndimakumbukira ngakhale mtundu wa malaya a jockey, wokwera hatchiyo. Koma masamba a June ndi July, nthawi ya mipikisano ya Royal Ascot ku England ndi Durban July ku South Africa, adzaza ma accumulator (tikiti imodzi yomwe mahatchi onse ayenera kuwina) a mahatchi anayi kapena asanu, ambiri ofera pa hatchi imodzi. Zimenezo mutu unafufuta kalekale.

Chondichititsa manyazi n'chakuti ndikadyedwa masana, madzulo ndimangoponya pa mpikisano uliwonse, osaona n'komwe ngati bwalo lanyowa kapena hatchi yasenzetsedwa zolemera bwanji pa handicap. Mayi akunyumba akudziwa za Aintree zokha.

Ndisiye ma accumulator n'kutsala ndi single (hatchi imodzi pa tikiti), kapena ndingosiyiratu? Nanga kopeli ndiwaonetse?

Yankho 1: Achimwene, single sikupulumutsani. Ma odds onse a mpikisano umodzi mukawasandutsa maperesenti n'kuwonkhetsa, amapitirira 100. Chapamwambacho n'cha kampani. Accumulator imangokudulani kangapo pa tikiti imodzi. Ngakhale favourite, hatchi yomwe ambiri akuyembekeza kuti iwina, imawina pafupifupi mpikisano umodzi pa itatu basi.

Yankho 2: Za ma odds zisiyeni kaye. Kuthamangitsa madzulo ndalama yomwe yapita masana, matenda ake ndi amenewo. Makampani ambiri ali ndi self-exclusion, mumadzitsekera nokha akaunti kwa miyezi ingapo.

Yankho 3: Mayiwo aonetseni kope lonse, osati tsamba la April lokha. Anga anadziwira pa stetimenti ya kubanki, ndipo mlandu sunali ndalama ayi, unali kubisa.

Mwini funso: Ndamva, zikomo nonse. Kungoti mpikisano wa Melbourne Cup ku Australia ndi Lachiwiri loyamba la November, ndipo pali hatchi yomwe ndaiika kale m'maso. Ndidzitsekere tsikulo lisanafike kapena litadutsa?

Yankho 2: Lisanafike, bambo. Lero lomwe.