Za bowa uja ndi matenda a mtsiriza wathu

Achimwene aakulu: Abale, nkhani ndi ya mtsiriza wathu. Wawerenga za bowa wokhala ndi psilocybin, mankhwala osintha mmene munthu amaonera ndi kumvera zinthu, akuti ndi umene ungamutulutse m'matenda ovutika maganizowa. Akufuna timusonkhere ndalama augule pa intaneti. Tigwirizane chimodzi tisanamuyankhe.

Azakhali: Musamuseke kaye ayi, wawerenga zinthu zoona ndithu, koma theka lake. Vuto lake lalikulu ndi kubzikula maganizo: nkhani imodzi yomweyo, "ndinalakwa pati, bwanji ine", usiku wonse. Mu ubongo muli zigawo zimene zimagwirira ntchito pamodzi munthu akakhala phee n'kumadziganizira yekha, akatswiri amati default mode network. Zikuluzikulu zake ndi chakutsogolo kuseri kwa chipumi ndi china chakumbuyo chapakati. Kwa wodwala matendawa zigawozi zimavuta kutonthola.

Malume: Ndiye bowayo amachitapo chiyani?

Azakhali: M'thupi psilocybin amasanduka psilocin, amene amakagwira timalo totchedwa 5-HT2A, tolandirira serotonin, mankhwala achibadwa otumiza uthenga mu ubongo. Kwa maola 4 mpaka 6 mgwirizano wa zigawo zija umalekeka, ndipo mbali za ubongo zimene sizilankhulana kawirikawiri zimayamba kulankhulana. Ofufuza ena amaganiza kuti mpata umenewo ndi umene umadula chingwe cha maganizo obwerezabwereza. Ndati amaganiza, achimwene.

Mlamu: Ndiwonjezereko manambala. Ku Imperial College London mu 2021 anayerekeza psilocybin ndi escitalopram, mapiritsi a matenda ovutika maganizo, pa anthu 59 kwa masabata 6. Pa muyeso waukulu umene anadziikira, kusiyana sikunaoneke bwino. Mu 2022 kafukufuku wa kampani ya COMPASS Pathways anatenga anthu 233 amene mankhwala ena anawakanika, n'kuwapatsa kamodzi 25 mg, 10 mg kapena 1 mg. A 25 mg anapezako bwino pofika sabata yachitatu, koma pofika ya 12 kusiyanako kunali kutachepa. Mutu, nseru ndi chizungulire zinali zofala, ndipo ena anali ndi maganizo odzipha. Chinanso, amene wamwa weniweni amadziwa yekha kuti wamwa, ndiye chiyembekezo chake chimasokoneza zotsatira.

Achemwali: Komanso ofufuzidwa aja samangomeza kapisozi n'kupita kwawo. Amawafufuza kaye, amawakonzekeretsa, tsiku lakelo amakhala m'chipinda maola 6 mpaka 8 ndi alangizi ophunzira pambali, kenako amabweranso kudzakambirana zimene anaona. Bowa wa pa intaneti mphamvu yake sidziwika, ungakhale wosakaniza, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu. Ngakhale ku Australia, kumene analola psilocybin ngati mankhwala mu July 2023, amapereka ndi madokotala a maganizo ovomerezeka okha.

Malume: Koma akanakhala mmodzi wa ofufuzidwawo, akanamulandira?

Achemwali: Funso lake ndi lomwelo, malume. Kawirikawiri amakana munthu amene iye kapena m'bale wake wapafupi anadwalapo misala kapena bipolar (matenda osinthasintha pakati pa kukondwa kopitirira muyeso ndi kukhumudwa kwambiri), chifukwa mankhwalawa angadzutse matendawo. Wothamanga magazi mosalamulirika amamukananso, poti amakweza BP ndi kugunda kwa mtima. Womwa lithium, mankhwala a bipolar, angathe kukomoka ngati wakhunyu. Akuluakulunu mukumbukire mbiri ya kuchimuna ndi kuchikazi, mundilembere kumbali, osati pano. Dokotala adzaifuna.

Mlamu: Chimene ndikuopa ine n'chakuti wamva kuti mapiritsi a matenda ovutika maganizo amene akumwa amafooketsa bowa, ndiye angawasiye mwakachetechete. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo, kupsa mtima, matenda n'kubwerera. Wamwa masabata angati?

Achimwene aakulu: Atatu.

Mlamu: Akadali ochepa. Amafunika 4 mpaka 6 kuti tione ngati akugwira. Akakanika, dokotala amakweza mlingo kapena kusintha mtundu. Akagwira, apitirize miyezi 6 atachira.

Azakhali: Za kubzikulazo zilinso ndi chithandizo chopanda bowa, CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita) yolunjika pa vuto lomweli, imene katswiri Edward Watkins wa ku yunivesite ya Exeter ku England anaikonza. Ife tingathandize motere. Akayamba "chifukwa chiyani", musamutsutse, musamutsatenso kwa ola lathunthu. Mufunseni kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni, liti, ndipo mawa angachitepo chiyani chimodzi. Alembe nthawi imene maganizowo amamugwira, ambiri amakhala m'mawa ali pabedi kapena madzulo ali yekha. Pa nthawi imeneyo tiikepo chochita cha manja kapena miyendo, kuyenda mphindi 30 ndi mnzake. Mawu oti "ungosiya kuganiza" ayi, amangowonjezera kudziimba mlandu.

Malume: Zomufunsa ngati akuganiza zodzipha, sitimupatsa nzeru yoipa?

Azakhali: Ayi, kufunsa mwachindunji sikudzala maganizowo. Mufunseni modekha muli awiri. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ophera tizilombo ndi mapiritsi otsalira achoke m'nyumba lero.

Achimwene aakulu: Tamvana. Ya bowa sitisonkha. Imene tisonkhe ndi yoyendera kwa dokotala ndi kwa mlangizi. Lachinayi ndimuperekeza ine, ndipo funso la psilocybin akalifunse yekha pamaso pa dokotala, asaone ngati tamutsekera pakamwa.

Achemwali: Kuyenda kwa m'mawa nditenga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Alamu, masiku enawo?

Mlamu: Lachiwiri ndi Loweruka. Lamulungu latsala.

Malume: Ndilembeni ine. Za m'nyumba zija ndikachotsa ndekha madzulo ano.